Kalata yotseguka: chotupa chosapweteka chiunikidwe chisanadulidwe

Kwa Olemekezeka a MEC (nduna ya chigawo) oona za umoyo m'chigawo cha Gauteng, akuluakulu oyendetsa makiliniki ndi zipatala za boma mu Johannesburg, ndiponso a Kazembe a dziko la Malawi ku Pretoria pamodzi ndi ofesi yathu ya kuno ku Johannesburg,

Ndikupatsani moni mwaulemu. Pempho langa lalikulu ndi limodzi. Munthu akafika pa kiliniki ndi chotupa chosapweteka chimene chikukula, chiyezedwe ndi tepi, muyeso wake ulembedwe m'fayilo, ndipo ngati chapitirira masentimita 5 kapena chili mkati mwa mnofu, munthuyo atumizidwe kokaunikidwa wina aliyense asanachikhudze ndi mpeni. Ndalemba m'Chichewa kuti anzanga amve bwino zimene ndikupempha m'malo mwawo, ndipo ndikudalira a ku ofesi ya kazembe kuti mawuwa akafike kwa eni zipatala.

Ine sindine dokotala. Ndine telala, ndimasoka ku Mayfair, komanso ndine mlembi wa kagulu ka anthu a kwathu kosonkherana ndalama pa matenda ndi pa maliro. Udindo umenewu wandiyendetsa m'makonde a zipatala, kuperekeza odwala ndi kuwamasulira zimene adokotala akunena. Kumeneko ndi kumene ndinadziwira matenda otchedwa liposarcoma.

Imeneyi ndi khansa yoyambira m'mafuta a m'thupi. Ili m'gulu la khansa zotchedwa sarcoma, zomera m'minofu, m'mafuta ndi m'mafupa, zimene zonse pamodzi zimangokwana pafupifupi 1 pa khansa 100 zilizonse za anthu akuluakulu. Nesi angathe kugwira ntchito zaka zambiri osakumana nayo, ndiye sindikumuimba mlandu akapanda kuiganizira. Mtundu wa liposarcoma wofala kwambiri ndi well-differentiated liposarcoma, umene ukakhala pamwendo kapena pamkono madokotala amautchanso atypical lipomatous tumour. Umakonda anthu a zaka zapakati pa 40 ndi 70. Umamera mkati mwa ntchafu, m'mphechepeche, kapena m'mimba kuseri kwa matumbo. Umakula mwakachetechete kwa zaka, supweteka, ndipo ukadali mmene ulili sufalikira ku mapapo kapena ku ziwalo zina. Ndi khansa yopatsa munthu nthawi. Chondiwawa n'chakuti nthawi imeneyo imathera pa mzere, pa geti ndi m'manja mwa anthu odula zinthu asanaziwone.

Chovuta n'chakuti pali chotupa china cha mafuta, lipoma, chimene si khansa ndipo chili ndi anthu ambirimbiri. Chimakhala chofewa, chaching'ono, pansi penipeni pa khungu, ndipo ukachikankha ndi chala chimasuntha. Zotupa zambiri zimene manesi anu amaona ndi zimenezi, ndipo amanena zoona akamauza munthu kuti asade nkhawa. Koma zala zokha sizingasiyanitse lipoma yaikulu ndi liposarcoma. N'chifukwa chake akatswiri anaika zizindikiro zoti chimodzi chokha chikaoneka munthu aunikidwe: chotupa choposa masentimita 5, kutanthauza chachikulu ngati dzira la nkhuku, chotupa chimene chikukulirakulira, chimene chili mkati pansi pa mnofu, chimene chayamba kupweteka, kapena chimene chameranso pamalo amene chinadulidwa kale. Ku Britain, malangizo a bungwe la zaumoyo la NICE a mu 2015 amalimbikitsa kuti munthu wamkulu wokhala ndi chotupa chosadziwika chimene chikukula aganiziridwe kuunikidwa ndi ultrasound pasanathe masabata 2. Makina amenewa ndi omwe aja ounikira amayi oyembekezera, ndipo m'zipatala za Gauteng alimo.

Pali achimwene ena a kwathu, ogwira ntchito ya m'munda ku mayadi, amene ndakhala ndikuwasokera mathalauza kwa nthawi yaitali. Chaka china anabweretsa thalauza kuti ndiwafutukulire mwendo umodzi wokha. Nditazunguliza tepi ndinapeza kuti ntchafu ya kumanja yaposa inzake ndi zala zingapo. Anandigwiritsa dzanja chakumbuyo kwa ntchafuyo. Munali chinthu chachikulu, chosalala, chosalimba kwenikweni, ndipo pakhungu pake panali timizere ta mphini zimene anatemedwa atapita kumudzi pa Khirisimasi. Anati sichiwawa, amangovutika pokhala mu takisi. Ku kiliniki ina anali atapitako, anawagwiragwira, n'kuwauza kuti ndi mafuta chabe, n'kuwapatsa mapilitsi opha ululu pa chinthu chosapweteka. M'khadi lawo simunalembedwe kukula kwake, kotero atabwererako patapita miyezi, nesi wina amene anawaona analibe poyambira kuti adziwe ngati chakula.

Apa ndi pamene ndikufuna muimepo, akuluakulu. Chotupa chokula pang'onopang'ono sichidziwika tsiku limodzi. Chimadziwika ndi miyeso iwiri, wa lero ndi wa miyezi itatu ikubwerayi. Pa makiliniki athu wodwala saonana ndi nesi yemweyemweyo, ndiye chimene chingakumbukire ndi pepala basi. Tepi ndi ya ndalama zochepa kwambiri, ndipo kulemba manambala awiri sikuchedwetsa mzere.

Atatopa, achimwene aja anasonkhanitsa ndalama zawo n'kupita kwa dokotala wina wolipira, wa kachipinda kamodzi. Anawabaya jakisoni wochititsa dzanzi, anang'amba, anachotsa zimene anatha kufikira, n'kusoka. Zimene anachotsazo sizinapite ku labotale. Bala linapola, iwo anathokoza Mulungu, ndipo patapita nthawi chotupa chinabwerera pansi pa chipsera chomwecho, chachikulu kuposa kale.

Kudula kotereku madokotala a sarcoma amakudandaula padziko lonse, ndipo chifukwa chake n'chomveka ngakhale kwa munthu wamba. Chotupa chamtunduwu chimafunika kutuluka chathunthu, chosaboola, pa opaleshoni imene yakonzedwa dokotala ataona kale malire ake, ndi pamene padutsa mitsempha ya magazi ndi minyewa. Ukachidula pakati, zotsalira zimamwazikira m'bala lonse. Dokotala wachiwiri amayenera kuchotsa chipsera, njira yonse imene mpeni woyamba unadutsa, ndi mnofu wina umene ukanapulumuka. Ngati kucheka koyambako kunapingasa mwendo m'malo motsata kutalika kwake, khungu lochotsedwa limachuluka, mwina mpaka kufunika kukadula khungu kwina kuti atseke. Opaleshoni yoyamba ndiyo mwayi waukulu wa wodwala, ndipo ikaonongeka siibwezeka.

Ndondomeko yoyenera si yachilendo kwa inu. Chotupa cha pamwendo kapena pamkono chijambulidwe ndi makina a MRI, cha m'mimba ndi a CT, onsewa ojambula mkati mwa thupi. Pa chithunzi akatswiri amayang'ana ngati mafutawo ali oyera okhaokha, kapena ngati muli timakoma tokhuthala todutsa mkati ndi timibulu tosakhala mafuta. Pokayikitsa, amalowetsa singano yapadera motsogozedwa ndi makina n'kutenga tizidutswa tating'ono, ndipo malo olowetsera singanowo amasankhidwa mogwirizana ndi dokotala amene adzachite opaleshoni. Ku labotale nako pali msampha wake: maselo a khansayi amafanana kwambiri ndi mafuta wamba pa maikulosikopu. Chimene chimathetsa mkangano ndi kuyeza jini (kachidutswa ka malangizo a mu selo) yotchedwa MDM2, ya pa chromosome 12, imene mu khansayi imapezeka itachulukana, pamene mu lipoma siichulukana. Njira yodalirika yoyezera imatchedwa FISH. Zoyeza za odwala a m'zipatala za boma zimadutsa ku National Health Laboratory Service, bungwe la malabotale a boma. Ndikupempha kuti chotupa chilichonse chachikulu cha mafuta chochotsedwa m'thupi la munthu chipite ku labotale, kaya chachotsedwa ku chipatala cha boma kaya kwa dokotala wolipira, ndipo kumene kukufunika MDM2 iyezedwe popanda wodwala kuchita kupempha, pakuti iye sadziwa n'komwe kuti ilipo.

Achimwene aja pomalizira anafika m'manja oyenera pa chipatala china chachikulu. Anajambulidwa, anatengedwa tizidutswa, ndipo madokotala a mafupa, a zithunzi ndi a ku labotale anakhalira pamodzi nkhani yawo. Ndinali nawo tsiku limene anauzidwa zotsatira. Funso lawo loyamba, atagwira bondo ndi manja onse awiri, linali lakuti, "Achimwene, afunseni ngati adula mwendo." Dokotala anayankha kuti ayi, n'kujambula papepala mmene adzachekere. Lero akuyenda, akugwira ntchito, ngakhale mwendowo sunabwerere mphamvu zake zonse chifukwa cha mnofu umene unachotsedwa. Madokotala amenewa ndimawalemekeza. Luso mu Johannesburg lilipo, chosowa ndi njira yofikira kwa iwo nthawi ikadalipo.

Mantha odulidwa mwendo ndi amene amabisitsa anthu ambiri zotupa zawo. Anthu athu ayenera kumva kuchokera kwa inu kuti masiku ano kudula mwendo chifukwa cha khansa imeneyi n'kosowa kwambiri. Chithandizo chake chenicheni ndi opaleshoni yochotsa chotupacho. Kemo, mankhwala opha maselo a khansa, siigwira bwino pa mtundu wokula pang'onopang'onowu, kotero ambiri saipatsidwa n'komwe, ndipo radiotherapy, kuwotcha khansa ndi cheza cha makina, imafunika kwa ena okha.

Nanga ngati siifalikira, changu n'chachiyani? Funso limeneli ndalimva kwa odwala eni ake, ndipo ndikuganiza kuti ndi lomwe limakankhira mafayilo awo pansi pa mulu. Yankho lili pawiri. Choyamba, chikamakula chimakuta mitsempha ndi ziwalo, ndipo opaleshoni imene ikanakhala yosavuta imasanduka yaikulu. Chachiwiri, mbali ina ya chotupacho ingathe kusintha n'kukhala mtundu waukali, dedifferentiated liposarcoma, umene umakula msanga ndipo ungathe kufalikira. Pamwendo izi sizichitikachitika, koma m'mimba zimachitika kawirikawiri, makamaka chotupa chikakhalitsa kapena chikamabwererabwerera.

Cha m'mimbachi ndiye choopsa zedi. Kuseri kwa matumbo kuli malo ambiri, ndipo chotupa chimakula momasuka popanda choletsa. Zambiri zimadzapezeka zitapitirira masentimita 20, zina zolemera makilogalamu angapo. Mayi wina wa m'gulu lathu, wogwira ntchito ya m'nyumba, mimba yake inkakula manja ndi nkhope zikuonda. Ife tinkamuyamikira kuti Joni yamuyanja. Iye ankakhuta atangodya pang'ono, ankadzimbidwa, ndipo siketi zake ndinkazifutukula m'chiuno mokha. Atajambulidwa ndi CT anapeza chotupa chitakankhira matumbo mbali imodzi. Pochichotsa anachotsanso impso imodzi, monga zimachitikira nthawi zambiri pa opaleshoni imeneyi, chifukwa chimakhala chitaikuta. Kwa abambo, chotupa chomwechi chikamera m'mphechepeche chimasokonezedwa ndi hernia (matumbo otulukira pamalo ofooka a mnofu), ndipo ena amadzadziwika ali kale pa tebulo la opaleshoni.

Mayi uja atatuluka m'chipatala ntchito inali itatha. Anakwera basi ku Park Station kubwerera kumudzi, atanyamula khadi la tsiku lodzaonananso ndi dokotala basi. Analibe lipoti la ku labotale, analibe kalata yofotokoza zimene anachotsedwa, analibe zithunzi. Pamene mimba inayambanso kukula, a chipatala cha kwawo anayamba kufufuza kuyambira pachiyambi, ndipo iye ankangotha kunena kuti anamuchotsa chotupa ndi impso ku Joni. Khansa imeneyi, makamaka ya m'mimba, imadziwika ndi kubwerera pamalo pomwepo, nthawi zina patapita zaka zambiri, n'chifukwa chake wodwala amayenera kumajambulidwa mobwereza kwa zaka 10 kapena kuposerapo. Munthu wobwera sakhala malo amodzi zaka 10. Lero ali ku Diepsloot, chaka chamawa ku Cosmo City, kenako ku Mangochi kapena ku Mzimba. Choncho ndikupempha kuti wodwala khansa aliyense potuluka apatsidwe m'manja lipoti la ku labotale, chidule cha opaleshoni, zithunzi zake, ndi pepala lonena kuti adzajambulidwenso liti ndipo chiwalo chiti. Dokotala wa ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe akalandira zimenezi adzapitiriza pamene anzake analekezera. Izi zidzathandizanso mbadwa ya kuno yobwerera ku Limpopo kapena ku Eastern Cape.

Ndikudziwa kuti katundu amene mwasenza ndi wolemera. Moto wa mu Epulo 2021 unatseketsa chipatala cha Charlotte Maxeke kwa kanthawi, ndipo odwala ambiri anakhamukira ku Chris Hani Baragwanath ndi ku Helen Joseph, kumene kunali kodzaza kale. Koma zina n'zolembedwa kukhoti. Mu 2023 chigawo chinapatula R784 miliyoni yochepetsera mzere wa odwala odikira opaleshoni ndi radiotherapy, pamene odwala khansa pafupifupi 3,000 anali pa mndandanda wodikira radiotherapy. Mu Malichi 2025, pa mlandu umene bungwe la Cancer Alliance linasuma mothandizidwa ndi bungwe la maloya omenyera ufulu la SECTION27, khoti lalikulu la mu Johannesburg linagamula kuti kulephera kuthana ndi mzerewo kunali kosemphana ndi malamulo. Ndikutchula izi chifukwa zikulimbikitsa pempho langa. Wodwala amene chotupa chake chapezeka msanga n'kuchotsedwa bwino kamodzi, nthawi zambiri safika n'komwe pa mzere wa radiotherapy. Amene wadulidwa mwachisawawa, kapena amene chotupa chake chasanduka chaukali ali kudikira MRI, ndi amene amadzawonjezera mzerewo, n'kugonanso masiku ambiri pa bedi la chipatala. Ngakhale mutayang'ana ndalama zokha, kuunika msanga n'kotchipa.

Ndipemphenso kuti pa mzere wa MRI ndi CT, chotupa chokayikitsa chisaikidwe pamodzi ndi zinthu zosafulumira chifukwa chakuti mwini wake akuyenda yekha ndipo sakubuula. Kalata yotumizira ikhale ndi malo olembapo kukula kwa chotupa, ngati chili mkati, ndi ngati chikukula, kuti wokonza masiku aone msanga. Ndipo nesi wa ku kiliniki adziwe dzina la kiliniki ya akatswiri kumene angatumize munthu wotere mwachindunji, m'malo momudutsitsa makomo ambirimbiri, khomo lililonse ndi tsiku lake. Kwa munthu wa maganyu, tsiku lililonse la kuchipatala ndi tsiku lopanda malipiro, kuwonjezapo ndalama ya matakisi awiri kupita ndi awiri kubwera. Ambiri amasiyira panjira chifukwa lendi sidikira.

Za pa geti sindingazidumphe. Gawo 27 la Malamulo Aakulu a dziko lino la South Africa, a mu 1996, limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo. Komabe mu 2025 tonse tinaona magulu a anthu ataima pa mageti a makiliniki akufunsa ma ID ndi kubweza obwera, mpaka khoti linaletsa gulu la Operation Dudula kuchita zimenezi mu Novembala chaka chomwecho. Munthu wosweka mwendo kapena mayi wa matenda a uchembere amalimba mtima n'kubwereranso chifukwa ululu umamukakamiza. Wa chotupa chosapweteka akabwezedwa kamodzi sabwereranso. Amadziuza kuti adzaona akadzapita kumudzi, ndipo zaka zimadutsa. Palinso mphekesera za mitengo zimene zimayenda m'magulu athu a pa WhatsApp, aliyense kutchula ndalama yakeyake, ndipo anthu amagwa mphwayi asanafunse. Lembani poyera pakhoma la chipatala chilichonse mmene odwala amaikidwira m'magulu a malipiro, mapepala amene akufunika, ndi ofesi yokadandaulako, kuti munthu adziwe chimene chikumudikira.

Tsopano kwa inu a Kazembe ndi a ku ofesi yathu. Ambiri a ife timakudziwani pa nkhani za mapasipoti ndi za mapepala onyamulira maliro. Ifenso m'magulu mwathu tazolowera kusonkha msanga pa bokosi ndi galimoto yodutsa pa Beitbridge, koma wina akanena kuti akufuna ndalama ya takisi yopitira ku sikani timazengereza. Zimenezi tiyamba kuzikonza tokha, ndipo kagulu kathu kagwirizana kale kuti thumba la matenda lizilipira ulendo wa kuchipatala ndi woperekeza. Kwa inu ndikupempha zinthu zimene ife sitingathe. Kambiranani ndi a zaumoyo a Gauteng za njira yoti mapepala a wodwala khansa azifika ku zipatala zazikulu za kwathu. Khalani ndi munthu mmodzi mu ofesi wodziwa kumene wodwala wobwezedwa pa geti angathandizidwe. Ndipo tulutsani kapepala kamodzi m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka kotchula zizindikiro zija, kochenjeza anthu kuti asalole kudulidwa kapena kutemedwa chotupa chachikulu asanajambulidwe, ndi kuwauza kuti chilichonse chochotsedwa m'thupi afunse ngati chapita ku labotale ndi tsiku lodzamva zotsatira. Mawu okhala ndi chidindo chanu anthu adzawakhulupirira kuposa mawu a telala.

Anthu athu amasonkhana Lamlungu lililonse m'matchalitchi a ku Rosettenville, Yeoville ndi Turffontein, ndipo Lachisanu m'mizikiti ya ku Mayfair ndi Fordsburg. Titumizireni nesi kapena dokotala mmodzi adzalankhule ndi kuona amene ali ndi zotupa, atanyamula makalata otumizira odwala. Malo, mipando, kachipinda koonera anthu mwachinsinsi ndi omasulira tikonza ife. Yankho lanu lingatipeze kudzera ku ofesi ya kazembe ya kuno ku Johannesburg, ndipo tikalandira tsiku tidzalengeza m'magulu onse.

Ine wanu mwaulemu,
Telala wa ku Mayfair, mlembi wa kagulu kothandizana pa matenda ndi maliro